Mmphawi akafa sasiya munda

Mmisiri wa ziliza wa pa Luchenza anatichenjezeratu kuti chilembo chilichonse chili ndi mtengo wake, ndiye tisamubweretsere ulaliki. Dzina, chaka chobadwa, chaka chomwalira, kenako mizere iwiri basi. Za simenti ndi matailosi tinali titasonkha kale, tsiku nalo linali litadziwika, Loweruka lomaliza la Seputembala. Chinatsala ndi chimene ine ndinkachiyesa chaching'ono: mawu oti alembedwe pa chiliza cha agogo aamuna, bambo awo a mayi anga.

Palibe amene anatsutsa zoti palembedwe "mawu awo aja". Aliyense amene anakulira pakhonde la agogo amawadziwa. Ankawanena madzulo, wailesi ili pamwendo, mabatire omwe anawayanika padzuwa tsiku lonse aja atatsala pang'ono kufa, nkhani zikafika pa nkhondo. Masiku amenewo nkhondo sinali kutali nafe. Ya ku Mozambique inali kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo othawa kwawo ankalowera pa Muloza atasenza mphasa ndi miphika. Agogo ankatsitsa wailesi, kupukusa mutu, n'kunena mawuwo. Sankauza ife. Ankakhala ngati akuyankha munthu wina amene ife sitikumuona.

Zinavuta amalume atatulutsa cholembera.

"Eya, tanenani ndilembe."

Ine ndinayamba, pakuti ndinkadziona kuti ndimawakumbuka bwino: "Eni minda apite akawomberedwe, ife tilibe chathu."

"Iyayi mwanangu, wasokoneza," anatero amayi aakulu. "Bambo ankati, mmphawi akafa sasiya munda, amasiya mzere wa amasiye."

Mayi anga anati zonse ziwiri ankanena, zotsatizana, koma choyamba n'chiti anaiwala. Amalume, amene ndi mkulu wa mpingo, anatseka cholembera chija n'kunena kuti tikungovutika, mawuwo ndi a m'Baibulo, tingopeza chaputala ndi ndime, mmisiri alembe zimenezo, ndalama zichepe. Ntchito yofufuza anandipatsa ine, poti ndine ndimakhalira kugwiragwira foni.

Ndinakhala masiku atatu ndi Buku Lopatulika la agogo aakazi, lija lokutidwa ndi pepala la shuga. Kunena zoona, amalume sanaphonye patali. Pa Yakobo 5 olemera akuuzidwa kuti alire chifukwa cha masautso amene akuwadzera, ndipo malipiro a antchito amene anakolola m'minda yawo, omwe iwo anawakaniza, akufuula. Pa Yakobo 1:27 pali ana amasiye ndi akazi amasiye. Kwa Amosi ndinapeza osauka akugulitsidwa pa mtengo wa nsapato. Mtima wa mawu a agogo unalimo, koma mawu enieniwo munalibe. Ndinawaimbira amalume kuti m'Baibulo simungapezeke kuwomberana, nthawi imeneyo kunalibe mfuti. Iwo anati lupanga ndi mfuti n'chimodzi, ndifufuzebe.

Pa intaneti ndinalemba mawuwo m'njira zonse zimene ndikanatha, koma ndinkangopeza mauthenga a maliro. Pa gulu lathu la pa WhatsApp msuweni wina anati ndi mawu a Kamuzu, wina anati ndi nyimbo ya asilikali akale, wina anati ndi mwambi wa Chilomwe umene agogo anautembenuza okha. Womalizayu ndinatsala pang'ono kumukhulupirira, chifukwa "sasiya", "amasiya", "amasiye" zikugundana mkamwa ngati mwambi weniweni.

Amene ananditsegula maso ndi aphunzitsi ena opuma amene anatiphunzitsa mbiri yakale kusekondale. Amakhala cha ku Chisitu, akuweta nkhumba ndi kulima nandolo. Ndinapita pa kabaza tsiku lina la chiperoni, phiri lonse litabisala m'nkhungu, n'kuwapeza atakhala pafupi ndi mbaula atavala chipewa cha ubweya. Nditawauza mawu onse awiri sanayankhe msanga. Anandiuza ndibwereze a amayi aakulu aja. Kenako anafunsa:

"Mwanangu, agogo akowo makolo awo anachokera kuti asanafike ku Thyolo?"

Ndinati ndinkangomva kuti cha ku Chiradzulu.

Analowa m'nyumba, ndikumva akukoka sutikesi pansi pa bedi. Anatuluka ndi buku lonenepa, chiswe chitadya m'mphepete, lotchedwa Independent African, lolembedwa ndi George Shepperson ndi Thomas Price, la chaka cha 1958. Ananyowetsa chala, kutsegulatsegula, n'kuliika pamwendo panga. "Werenga apa. Mokweza."

Inali kalata ya m'busa John Chilembwe, imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. Ndinawerenga m'Chingerezi chake, mawu akunditsamwa. Ndime imene aphunzitsi analoza, m'Chichewa changa ine, ikuti: olemera, eni mabanki, anthu a mayina aulemu, eni masitolo, achikumbe ndi eni malo ndiwo apite kunkhondo akawomberedwe, m'malo mwake Aafirika osauka, amene alibe chawo m'dziko lino, amene akafa amangosiya mzere wautali wa akazi amasiye ndi ana amasiye pa usiwa ndi m'masautso, ndiwo akuitanidwa kukafera mlandu umene si wawo.

Zonse zinali pamenepo. Kuwomberedwa kuja, "tilibe chathu" uja, mzere uja. Ine ndinali nditasunga mutu wa ndimeyo, amayi aakulu mchira wake, ndipo mayi anga ndiwo ananena zoona kuti zinkatsatizana. Ndinakhala duu, tsamba lili m'manja, makala akuthetheka m'mbaula. Chimene chinandigwira si chimwemwe choti ndapeza. Ndinaona agogo pakhonde paja, munthu amene sanapiteko kusukulu, amene ankasaina ndi chala, akunena pamtima kalata ya Chingerezi imene inalembedwa iwo asanabadwe.

Chilembwe tonse timamudziwa, kapena timadziyesa kuti timamudziwa. Nkhope yake ili pa K500 ndi pa K2000, timaipinda tsiku lililonse pogula tomato. Pa 15 Januwale sitipita kuntchito. Kusukulu tinaloweza kuti anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, anabwera mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ndipo usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira ku Magomero n'kupha William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce. Zimenezi ndinalemba pa mayeso ndipo ndinakhoza. Koma chimene munthuyo analemba ndi dzanja lake ndinali ndisanawerengepo ngakhale mzere umodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene mukuwerenga pano muli ngati ine. Zimenezi zimandipweteka. Kalatayo si yaitali, mwana wa fomu 2 angaimalize mphunzitsi asanafufute bolodi.

Aphunzitsi anandifotokozera chimene chinamuyambitsa kulemba. Pa 9 Seputembala 1914 kunachitika nkhondo ku Karonga pakati pa Angelezi ndi Ajeremani, ndipo ambiri mwa amene anagwa mbali zonse ziwiri anali asilikali akuda. Kalatayo ikuyamba ndi mawu oti tamva kuti taitanidwa kukakhetsa mwazi wathu wosalakwa pa nkhondo ya dziko lonse. Penapake ikuti pa nthawi ya mtendere chilichonse n'cha Azungu okha, koma nkhondo ikafika ndiye tapezeka ofunika kuti tigawane nawo mavuto ndi kukhetsa mwazi mofanana. Pomaliza anasaina m'malo mwa anthu a mtundu wake. Boma la atsamunda linaitsekereza kalatayo kuti isafalikire. Patangopita miyezi iwiri kunabuka kuukira kuja, ndipo pa 3 Febuluwale 1915 Chilembwe anawomberedwa kufupi ndi kwathu kuno, m'dera la Mulanje, akulowera ku Mozambique. Anamuika mwachinsinsi. Tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe anachiphulitsa, ndipo mishoniyo inakhala yotseka mpaka 1926, pamene Dr Daniel Malikebu anaitsegulanso.

Zimene ananena m'kalatamo zinachitikadi. Nkhondo ija, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, inakoka amuna pafupifupi 200,000 m'dziko muno kukakhala amtengatenga, osenza katundu wa asilikali kudutsa m'matope ndi m'mapiri, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda.

Ndikukonzeka kunyamuka, aphunzitsi anandiuza kuti ndisafulumire kukhutira, chifukwa kalata yomweyo ili ndi maonekedwe ena m'buku lina. Bukulo iwo analibe, koma mdzukulu wa amayi aakulu amene akuphunzira ku Zomba anandijambulira masamba ake n'kunditumizira. Analemba ndi George Simeon Mwase, kalaliki wochokera ku Nkhata Bay, ali m'ndende ya Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. M'ndendemo anapezana ndi Wallace Kampingo, mmodzi mwa anthu a Chilembwe amene anali akugwirabe ukaidi, ndipo nkhani zambiri anazimva kwa iyeyo. Zolemba zakezo zinasindikizidwa mu 1967 ndi Robert Rotberg, mutu wake Strike a Blow and Die. Mawu otchuka aja oti timenye kamodzi kenako tife, amene anthu amawatchula chaka chilichonse mu Januwale ngati anawamva okha, njira yawo ndi imeneyi: Kampingo kuuza Mwase, Mwase kulemba patapita zaka zoposa 15.

Kwa Mwase kalata ija ikumveka mosiyana. Ndi pempho loti boma lisalembenso abale athu amene sadziwa chiyambi cha ndewuyo, koma lilembe Azungu a minda, amalonda, amishoni ndi ena okhazikika m'dziko muno, poti iwo ndiwo akudziwa chimene akumenyera. Eni mabanki mulibe. Amasiye, pa ndime imene anandijambulirayo, sindinawaone. Amishoni, amene m'ndime ya Chilembwe mwini sanatchulidwe, alowamo. Nditayala mapepala onse patebulo, ndinaona kuti amayi aakulu, amene sanaonepo buku lililonse mwa awiriwa, anali pafupi ndi kalata yeniyeni kuposa Mwase amene ankalemba Chingerezi.

Ndiye agogo anawatenga kuti? Ndinapita kwa amayi aakulu Lamlungu masana, ndinawapeza akusenda kalongonda amene anagona pamoto. Ndinawawerengera ndime ija m'Chichewa. Anasiya kusenda, manja ali m'beseni.

"Ndiye kuti ndi a Chilembwe? Bambo sankatchula dzina. Ankangoti abusa ananena."

"Abusa ake ati, amayi?"

"Ife tinkayesa a kutchalitchi kwathu konkuno."

Kenako zinayamba kubwera zokha, chimodzi kukoka chinzake. Agogo analeredwa ndi amalume awo, bambo awo atamwalira iwo ali khanda. Amalume awowo anali Mlomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique ali mnyamata, n'kukhala pa esiteti ina ku Chiradzulu, ndipo ankapemphera ku Mbombwe. Zinthu zitavuta mu 1915, asilikali akutentha nyumba ndi kusaka aliyense wa mpingo umenewo, anathawa usiku ndi alongo awo n'kudzalowa pa esiteti ya kuno ku Thyolo, kumene mwini munda ankangofuna manja, osafunsa zambiri. Anasintha mpingo. Dzina la m'busa uja silinkatchulidwa pakhomopo ngakhale kamodzi. Chikhalirecho sanapulumuke, anawagwira ulendo wa mtengatenga, ndipo anabwerako chifuwa chitaonongeka.

Apa ndiye maganizo anga, ndipo ndikuwanena ngati maganizo. Munthu ngati ameneyo sakanawerenga Nyasaland Times. Ngati mawuwa anawamva, anawamva ndi makutu, m'tchalitchi kapena pabwalo, m'chinenero chimene ankamva. M'busa amene nkhani yamuwawa mpaka kulembera nyuzipepala saisiya pakhomo popita kuguwa. Choncho n'kutheka kuti Chichewa cha agogo sichinachokere ku Chingerezi cha m'kalata ija, koma zonse ziwiri zinachokera pakamwa pamodzi. Ndikaganiza zimenezi, kumasulira kwanga kuja ndimakuona kuti n'kolemera, kodzaza mabanki ndi masitolo, pamene kwa agogo n'kowongoka ngati mpini.

Taonani zimene zinatayika m'njira ndi zimene zinatsala. Chilembwe anatchula magulu asanu ndi limodzi a anthu oyenera kupita kunkhondo. Pakamwa pa agogo panatsala gulu limodzi, lomaliza, limene m'kalatamo likutchedwa landlords. Banki agogo analibe nayo kanthu. Mwini munda ndiye ankamudziwa, kuyambira ali mwana. Anabadwira m'nthawi ya thangata, pamene banja lokhala pa malo a Mzungu linkalipira ndi thukuta, mwezi wina wa lendi, mwezi wina wa msonkho, ndipo mweziwo unkawerengedwa ndi zizindikiro za pa tikiti. Kapitawo akati ntchito ya lero sinakwane, tsikulo silinkalembedwa, mwezi n'kumatalika. Anaona zipolowe za kuno ku Thyolo mu Ogasiti 1953 ali bambo wa ana awiri. Thangata linatha mwalamulo mu 1962, koma iwo anapitiriza kuthyola tiyi mpaka msana unakana. "Eni minda" sanali mawu a m'buku kwa iwo, anali anthu amene ankawavulira chipewa.

Mzere nawo ankaudziwa. Tiyi amabzalidwa m'mizere, othyola amalowa m'mizere, madzulo amaima pamzere ndi madengu kumsana kudikira sikelo, ndipo nyumba za kukomboni nazo zimamangidwa mondondozana. Mawu amenewo sakanawataya. Akazi amasiye ndi ana amasiye, amene Chingerezi chimawapatsa mayina awiri osiyana, Chichewa chathu chinawamanga mtolo umodzi, amasiye.

Koma pali mawu awiri amene ndawafunafuna m'masamba onse amene ndili nawo ndipo mulibe: "sasiya munda". Chilembwe anati osauka alibe chawo m'dziko lino, anati akafa amangosiya amasiye, koma zoti sasiya munda sanalembe. Amenewa anawonjezera ndi agogo, kapena amalume awo aja, ndipo ndi amene amandilasa kwambiri. Mwamuna kwathu kuno akamwalira kuchikamwini, kawirikawiri maliro ake amapita kwawo, akagone pakati pa abale ake. Agogo atamwalira mu 2006 panalibe kwawo kowatengera. Anabadwira kukomboni, ndipo pamene panali nyumbazo lero pali tiyi. Anaikidwa kumanda a kwa agogo aakazi, mfumu itavomera. Kamunda kotsetsereka kamene ankalima kanali ka akazi awo. Iwo anasiya njinga, wailesi ija, ndi chitini cha matikiti akale omangidwa ndi mphira. Ukaima pamanda pawo, tiyi wa esiteti amayambira patsidya pa kanjira, wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, pamene kuno adzukulu akugawana mizere ya chinangwa powerenga ndi mapazi.

Titakumananso kuti timalize, panabuka mtsutso wina. Msuweni wanga wa ku Blantyre ankafuna tilembe mawu a Chilembwe enieni, m'Chingerezi momwe alili, ndi dzina lake pansi, kuti odutsa adziwe kuti agogo sanali munthu wamba. Ine ndinakana, ndipo ndikanakanabe lero. Kulemba dzina la Chilembwe pansi pa "sasiya munda" n'kumunamizira mawu amene sanalembe. Kulemba Chingerezi chake n'kuika pamutu pa agogo chinenero chimene ankangochimva powakalipira. Za kuwomberedwa zija mayi anga anati siziyenera pamanda, ndipo tonse tinavomera, ngakhale kuti ndi mbali imene ine ndinaisunga zaka zonsezi.

Amalume anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anandipempha pepala limene ndinalembapo ndime ija m'Chichewa, anavala magalasi, n'kuliwerenga kawiri milomo ikugwedera.

"M'busa ameneyu Yakobo ankamuwerenga," anatero.

"Ankamuwerengadi, amalume."

Lachiwiri lotsatira ndinapita ndi amayi aakulu kwa mmisiri uja. Anawerenga zilembo ndi nsonga ya pensulo, kutchula mtengo, ife n'kuchonderera mpaka anatsitsako pang'ono. Atalemba mizere iwiri ija pa katoni kuti tione kakhalidwe kake, anafunsa ngati pansi pake pakhale vesi kapena dzina la amene ananena.

"Lembani zomwezo basi, bambo," anatero amayi aakulu. "Amene ankanena ndi amene agone pansipo."

Chiliza tinachivundukula Loweruka lija, kukutentha, fumbi la galimoto za masamba likutipeza mpaka kumanda. Aphunzitsi a ku Chisitu anabwera pa kabaza atanyamula buku lawo m'jumbo, ndipo pambuyo pa pemphero amalume anawapempha kuti awerenge kalata yonse. Anawerenga ndime ndi ndime, ine ndikumasulira, ana atakhala pa ziliza zoyandikana. Pepala langa lija amalume sanandibwezere. Ndinaliona Lamlungu lapitali likusuzumira m'Baibulo lawo, pa Yakobo 5.